Za Pakhomo Pathu: Kodi Chitseko cha Galaja Yanu Chasenzedwa ndi Chiyani?

Dzina la mzinda wathu wa Chipata ndi mawu omwewo amene timatchulira malo olowera pa mpanda. Tsono nkoyenera kuti ife a kuno tikhale odziwa bwino za zipata ndi zitseko kuposa anzathu a m'madera ena. Mwezi uno tikambirana za zitseko zikuluzikulu zija zotsekera galaja, ndiye kuti chipinda chogona galimoto, pamodzi ndi zinzake za pa mipanda, pa masitolo ndi pa nkhokwe za katundu.

Kale zitseko zotere zinkaoneka pa nyumba zowerengeka zokha. Koma kuyambira 1991, pamene malonda anamasuka m'dziko muno, magalimoto ogwirapo kale ntchito ochokera ku Japan anayamba kuchuluka, ndipo mabanja ambiri anayamba kumanga ndi galaja yomwe. Lero mukayenda ku Kalongwezi, ku Moth kapena ku Kapata, ngakhalenso m'mbali mwa misewu yopita ku Lundazi, ku Chadiza ndi ku Mwami, muona zitseko zachitsulo za mitundumitundu. Wopanda galimoto asaganize kuti nkhaniyi siyake. Kuseri kwa zitseko zomwezi ndiko kumagona njinga zakapalasa, njinga zamoto, matumba a chimanga ndi nshawa, ndipo patsogolo pake mpamene ana athu amasewera tsiku lonse.

Tikamagula chitseko timafunsa mafunso awiri: mtengo wake ndi bwanji, ndipo kodi mbala ingathe kuchithyola? Lilipo funso lachitatu limene timaliiwala, chonsecho ndilo lalikulu: kodi kulemera kwa chitsekochi kwasenzedwa ndi chiyani? Tiyeni tiwerengere limodzi. Lata lachitsulo lochindikala milimita 1 limalemera pafupifupi makilogalamu 8 pa sikweya mita imodzi. Chitseko cha mamita 4 m'litali ndi mamita 2 m'mwamba chimatenga lata loposa makilogalamu 60, ndipo tikaonjezapo felemu ndi zitsulo zolimbitsira, chimapitirira makilogalamu 100 mosavuta. Amenewo ndi matumba awiri kapena atatu a chimanga, oimikidwa chilili pamalo pamene pamadutsa mwana wa zaka zisanu wosakwana nkomwe makilogalamu 20. Mtundu uliwonse wa chitseko uli ndi chiwalo chake chosenza katundu ameneyu. Wodziwa chiwalocho amadziwa poyang'anira.

Chitseko cha mapiko awiri

Ichi ndicho chakale kwambiri ndiponso chodziwika kwa tonse. Chimakhala ndi mbali ziwiri zotsekukira kunja, monga mapiko a mbalame, ndipo chimapangidwa ndi matabwa olimba monga mlombwa, umene ena amati mukwa, kapena ndi zitsulo zowotcherera. Kulemera kwake konse kuli pa mahinjesi, ndipo mahinjesiwo adalira nsanamira kapena chipilala. Phiko likakhala lalitali, limakoka hinjesi yapamwamba mwamphamvu ngati likufuna kuizula, uku likukankha yapansi. Nchifukwa chake chitseko chotere chikakalamba chimagwa mphuno nkumakhula pansi.

Mmisiri wodziwa ntchito amaika mahinjesi atatu pa phiko lililonse, ndipo amakwirira nsanamira mozama m'konkire kuti isapendekeke nthaka ikafewa ndi mvula ya pakati pa Novembala ndi Epulo. Pa chitseko chamatabwa amaikanso thabwa lopingasa, lochokera pakona yapansi ya mbali ya mahinjesi kukwera kukafika pakona yapamwamba ya mbali ya loko. Likaikidwa mosemphana ndi apa, thabwalo silichirikiza bwino. Musaiwalenso ngowe zokolera mapiko akatsekulidwa. Mphepo ya mu Ogasiti ndi Seputembala imatha kuwomba phiko lotseguka nkulimenyetsa pa galimoto kapena pa munthu. Ubwino wa chitsekochi ngwakuti mmisiri aliyense wa m'dera lathu angathe kuchikonza. Kuipa kwake nkwakuti chimafuna bwalo lalikulu ndi losalaza patsogolo pake.

Chitseko chokankhira cham'mbali

Pa mipanda yambiri yatsopano timaona chitseko choyenda pa mawilo. Pansi pake pamakhala mawilo awiri achitsulo oyenda pa kanjanji kokwiriridwa m'konkire, ndipo amenewa ndiwo asenza kulemera konse. Pamwamba pamakhala timawilo tina tating'ono tomangiriridwa ku chipilala. Timeneti sitisenza kanthu. Ntchito yake ndi kugwira chitseko kuti chiime chilili. Ndiye pali zitsulo ziwiri zoimitsa, china kumapeto kuno kwa kanjanji, china kumapeto uko.

Abale, pa ziwalo zonse za chitsekochi, zoimitsazo ndizo zotsika mtengo, komanso ndizo zosunga moyo. Zikasowa, kapena zikawotchereredwa mwachibwana nkuthyoka, chitseko chokankhidwa mwamphamvu chimapitirira, chimapulumuka pa timawilo tapamwamba, ndipo palibenso chochigwira. Chimagwa chafufumimba ndi kulemera kwake konse. Wochikankha kawirikawiri amakhala mwana amene watumidwa kukatsekulira atate pofika madzulo. Ana amakondanso kukwera pa chitseko chotere mnzawo nkumawakankha, poyesa kuti ndi sitima. Tiwaletse. Ndipo tiuze mmisiri aonjezere chitsulo chokhota ngati goli pa chipilala, choti chitseko chikatuluka m'njira yake chitsamire pamenepo osafika pansi.

Mdani wa chitsekochi ndi mchenga ndi timiyala. Madzi otsika m'mapiri ozungulira mzinda wathu amakokolola dothi nkulisiya pa kanjanji, ndipo wilo likakwera pa mwala limatha kuchoka m'njira. Tsache ndilo mankhwala ake.

Chitseko chokulunga

Amene amapita ku Down Shops m'mamawa amalidziwa phokoso la zitseko zimenezi eni masitolo akamatsekula. Amalonda amachitcha roller shutter. Chimapangidwa ndi timalata topyapyala tokolana tokhatokha, kapena ndi lata limodzi lamizeremizere, ndipo pokwera chimakulungika pamwamba monga momwe timakulungira mphasa. M'mbali monse muwiri muli ngalande zachitsulo zimene m'mphepete mwa chitseko mumayendamo.

Kodi chimatheka bwanji kuti munthu mmodzi akweze chitsulo cholemera chotere ndi manja? Chinsinsi chili m'kati mwa mgolo wapamwamba uja. M'menemo muli sipuling'i yopotedwa. Chitseko chikamatsika, kulemera kwake kumapota sipuling'iyo, ndipo iyo imasunga mphamvu imeneyo. Tikamachikweza, sipuling'i imamasuka nkubweza mphamvu ija, chotero dzanja lathu limangothandizira pang'ono. Zitseko zazikulu kwambiri za pa nkhokwe ndi pa zigayo zimakwezedwa ndi tcheni chokoka pamanja. Chitseko chokulunga sichidya malo kunja kapena m'kati, koma chimafuna mpata pamwamba pa khomo wokwanira mgolo uja. Galimoto ikachigunda nkupinda timalata, chimakanirira m'ngalande, ndipo kuchikakamiza kumangoonjezera kuwonongeka.

Chitseko chotukula chathunthu

Mtundu wina ndi wa chitseko chimodzi chathunthu chimene timachigwira pansi nkuchitukula, ndipo chimapendekeka mpaka kugona chopingasa pamwamba pa khomo. Chimayenda pa mikono yachitsulo ya m'mbali, ndipo chimasenzedwa ndi masipuling'i otamuka, kapena ndi zolemera zolendewera pa zingwe. Potseguka, kunsi kwake kumatulukira kunja, choncho galimoto iyenera kuima patali pang'ono, ndipo mwana asaime pafupi. Mikono ija imatsekana ngati lumo. Chala cholowa pamenepo sichituluka chamoyo. Sipuling'i yotamuka ikaduka imauluka ngati mwala wa pa legeni. Nchifukwa chake m'kati mwa sipuling'i yotere, ngati kapangidwe kake kalola, mumadutsitsidwa chingwe chachitsulo chomangidwa nsonga zonse ziwiri, kuti zidutswa zisamwazike.

Chitseko cha zigawo

Ichi ndi chija timachiona pa nyumba zamakono, ndipo zambiri zotere zimachokera ku Lusaka kapena ku South Africa. Muyeso wofala wa khomo la galimoto imodzi ndi pafupifupi mamita 2.4 m'lifupi ndi mamita 2.1 m'mwamba. Nzeru ya chitseko chokwera m'mwamba inatchuka ndi munthu wa ku America dzina lake C. G. Johnson m'chaka cha 1921, ndipo mu 1926 iye yemweyo anapanganso makina amagetsi ochitsekulira.

Chitsekochi chimakhala ndi zigawo zinayi kapena zisanu zopingasa, zolumikizidwa ndi mahinjesi. M'mbali mwa chigawo chilichonse muli timawilo toyenda m'tinjanji timene timakwera chilili kenaka nkukhota kulowa m'kati, kunsi kwa denga. Pamwamba pa khomo pali mtanda wachitsulo wokhala ndi sipuling'i yopotedwa, ndipo kunsonga zonse ziwiri za mtandawo kuli magudumu okulungirapo zingwe zachitsulo. Zingwezo zimatsika mpaka kumakona apansi a chitseko. Tsono onani mgwirizano wake: sipuling'i imazunguza mtanda, mtanda umazunguza magudumu, magudumu amakulunga zingwe, zingwe zimakweza chitseko. Chimodzi mwa izi chikafooka, zinazo zimasenza katundu woposa muyeso wake. Womanga galaja asiyiretu mpata wa masentimita pafupifupi 30 pamwamba pa khomo, chifukwa zida zimenezi zimafuna pokhala.

Sipuling'i ili ndi masiku ake owerengeka. Zambiri zimapangidwa kuti zitsekule ndi kutseka maulendo 10,000. Banja lotsekula kanayi pa tsiku limafika maulendo 1,460 pa chaka, ndiye kuti sipuling'i itha pakapita zaka pafupifupi 7. Koma ngati galaja yasanduka khomo lolowera aliyense, nkumatsekulidwa kakhumi pa tsiku, zaka zitatu sizikwana. Ikaduka imalira ngati mfuti, ndipo mukaiyang'ana mumaona mpata pakati pake. Kuyambira pamenepo chitseko chimalemera ndi kulemera kwake kwenikweni.

Pano tikuchenjezeni mwamphamvu. Musayese kumasula kapena kumanga sipuling'i yopotedwa, ngakhale kumasula mabawuti a pamakona apansi pamene pamangidwa zingwe. Mphamvu yokwanira kukweza matumba awiri a chimanga ili pamenepo, ndipo ikamasuka mwadzidzidzi imathyola dzanja kapena kuphulitsa diso. Ntchito imeneyi ndi ya mmisiri amene anaiphunzira ndipo ali ndi zitsulo zake zopotera. Safunsa anadya phula.

Nanga mota yamagetsi?

Ambiri amaganiza kuti akaika mota ndi rimoti, ndiye kuti mota ndiyo isenze chitseko. Iyayi. Pa chitseko chokwera m'mwamba, wosenza akadali sipuling'i. Mota imangokoka ndi kukankha pang'ono kudzera pa tcheni kapena lamba. Pa chitseko chokankhira cham'mbali, osenza akadali mawilo. Mota, monga zija za Centurion zochokera ku South Africa, imazunguza kagudumu ka mano kamene kamaluma pa chitsulo cha mano chomangidwa m'litali mwa chitseko. Mota yoikidwa pa chitseko cholimba kuyenda imabisa matendawo kwa kanthawi, kenaka imapsa.

Mota ilibe maso ndipo ilibe chisoni. Ku America, ana angapo atafa popanikizidwa ndi zitseko zamagetsi, boma linalamula kuti kuyambira pa 1 Januwale 1993 makina onse atsopano otsekulira galaja akhale ndi chida choonjezera choteteza anthu. Chofala kwambiri ndi timaso tiwiri toyang'anizana m'mbali mwa khomo, toikidwa mosapitirira masentimita 15 kuchokera pansi. Kena kamatumiza kuwala kosaoneka kwa kanzake, ndipo mwana, galu kapena njinga ikadutsa pakati, chitseko chimabwerera. Ife tisadikire lamulo. Pogula mota tifunse timaso timeneti, ndipo tisalole kuti atichotsere pofuna kutsitsa mtengo. Kamodzi pamwezi goneketsani thabwa lochindikala masentimita 4 pansi pa chitseko chotsika. Chikalikhudza chiyenera kubwerera m'mwamba nthawi yomweyo. Batani lapakhoma likhale pamtunda wa mita imodzi ndi theka, ndipo rimoti isakhale choseweretsa cha ana.

Palinso nkhani ya magetsi. Tonse tikukumbukira chaka cha 2024, pamene chilala chinachepetsa madzi ku Kariba ndipo ZESCO inkazimitsa magetsi kwa maola ambiri pa tsiku. Mota zambiri zili ndi batire ya mavoti 12, koma batire yosapeza nthawi yodzaza imatha mphamvu nkufa msanga. Ena amaithandiza ndi sola. Chachikulu nchakuti akulu onse a pabanja adziwe kumasula mota kuti chitseko chiyende ndi manja. Pa chitseko cha zigawo pamakhala kachingwe kofiira kolendewera, ndipo pa chokankhira cham'mbali pamakhala kachitseko kotsekula ndi kiyi pa mota penipeni. Kachingwe kofiirako kakokeni chitseko chili chotseka, pakuti ngati sipuling'i yafooka, chitseko chotseguka chimagwa ndi liwiro. Usiku wopita ndi wodwala ku chipatala si nthawi yophunzirira zimenezi. Walira mvula walira matope: wofuna mota avomerenso kuisamala.

Posankha ndi posamala

Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Utoto wonyezimira usatinyenge. Tisanalipire, tifunse mmisiri mafunso awa: Chitsekochi chidzalemera bwanji? Chidzasenzedwa ndi chiyani? Chiwalo chimenecho chikathyoka, nchiyani chidzaletse chitseko kugwa? Nanga zida zosinthira zimapezeka muno mu Chipata, kapena mpaka kuitanitsa ku Lusaka, ulendo wa makilomita oposa 500? Chitseko chophweka chimene mmisiri wa pafupi angathe kuchikonza tsiku lomwelo chimaposa chokongola chimene chikhala mwezi wathunthu chili chofa. Ndipo ngati nkotheka, galaja ikhale ndi kachitseko kena kakang'ono kolowera anthu. Kameneka kamatalikitsa moyo wa chitseko chachikulu, komanso ndi pothawira moto ukabuka.

Kusamala kwake sikufuna ndalama zambiri. Sesani kanjanji ndi kupukuta ngalande, makamaka m'miyezi ya fumbi. Dontheza oyilo pang'ono m'mahinjesi, m'mitima ya mawilo ndi pa sipuling'i. Koma musapake girizi m'tinjanji moyenda mawilo, chifukwa girizi ikasakanikirana ndi fumbi imasanduka phala lokhula chitsulo. Mvula isanayambe, palani dzimbiri ndi kupaka utoto, makamaka kunsi kwa chitseko kumene madzi amakhalitsa. Chamatabwa chisakhudze nthaka, kuopa chiswe. Yang'anani zingwe zachitsulo: mukaona timawaya tayamba kuduka ndi kunyanyuka, itanani mmisiri sabata yomweyo.

Chitseko chokwera m'mwamba chili ndi mayeso ake apafupi. Masulani mota ngati ilipo, chikwezeni ndi manja kufika pakati, kenaka chisiyeni mosamala. Chikaima pomwepo, sipuling'i ili bwino. Chikatsika chokha mwamphamvu, sipuling'i yatopa. Chokankhira cham'mbali chiyenera kuyenda ndi dzanja limodzi, popanda kulira kapena kudumpha. Chitseko sichigwa chosachenjeza. Chimayamba ndi kulira, kukhula pansi, kupendekeka. Vuto ndi lakuti khutu limazolowera.

Mawu amodzi otsiriza okhudza chimene chili kuseri kwa chitseko. Galaja yotsekedwa bwino imatsekeranso mpweya. Injini ya galimoto, jenereta ndi mbaula yamakala zimatulutsa mpweya wakupha wopanda fungo kapena mtundu, ndipo umalowa mpaka m'zipinda zogona ngati galaja yalumikizana ndi nyumba. Jenereta ilire panja, kutali ndi mawindo, ngakhale tikuopa akuba. Timangire kakhola kake ka zitsulo kolowa mphepo. Galimoto ikalizidwa, ituluke.

Makolo anzathu, loko wamkulu amateteza katundu, koma hinjesi yolimba, choimitsa chowotchereredwa bwino ndi sipuling'i yosamalidwa zimateteza anthu. Loweruka likudzali patulani mphindi khumi, muitane ana okulirapo, muime nawo pa chitseko chanu ndi kuwaonetsa chimene chachisenza ndi malo osayenera kuikapo dzanja. Mukatero muyang'anenso chitseko cha kusukulu, cha kuchigayo ndi cha kwa anansi, ndipo mukaona choimitsa chasowa, muuzeni mwini wake mwaulemu. Tidzakumananso mwezi wamawa pa tsamba lomwe lino.